Apongozi pa Njira Yozungulira

Kwathu ku Chadiza mwamuna sayang'anana maso ndi apongozi ake aakazi. Ukawaona akubwera m'njira umapatukira patchire, n'kunjuta utawafulatira mpaka adutse. Sudya nawo, sukhala nawo mphasa imodzi, ndipo ukakhala ndi mawu umawadzeretsa mwa munthu wina. Kwawo kwa mkazi wanga Clarissa, ku Nkomeshya, mwambo ndi womwewo, kungoti kumeneko mwana woyamba akabadwa apongozi amakuphera nkhuku, n'kukupatsa chakudya pamanja, manyazi n'kuthera pomwepo. Ife tinali titatha zaka zisanu ndi chimodzi m'banja popanda mwana, ndiye nkhuku yangayo inkangokalamba ikudya chimanga cha eni ake.

Amene adayambitsa mwambowu sadaione nyumba yathu ya ku Silverest, pafupi ndi Lusaka. Kumudzi kuli tchire lothawirako. Kwathu kuli kolido imodzi yopapatiza, bafa limodzi, ndi mpanda wa njerwa womwe ndidamanga ndekha kuti akuba asalowe, osadziwa kuti ndikudzitsekera ine ndemwe. Apongozi anga, mayi Eneless, dzina lomwe mkamwini sayenera kulitchula, adabwera nyengo yozizira ikuyamba, ati kudzaonetsa bondo kuchipatala. Bondo lidaonedwa, mankhwala adaperekedwa, koma za ulendo wobwerera padalibe wozitchula.

Kuntchito, m'maofesi a boma ku Lusaka, ine ndine munthu woti anthu amandidikira pabenchi. Kunyumba kwanga ndinkadikira ndine. Ndikafika madzulo ndinkakhala m'galimoto pabwalo langa lomwe, mpaka Clarissa atagwedeza katani kusonyeza kuti kolido ili pululu. Ndinkatsokomola ndisanatuluke m'chipinda, iwonso ankatsokomola, moti mlendo akanati m'nyumba muno muli chifuwa chachikulu. Tsiku lina tidatsokomola nthawi imodzi, osamvana, ndipo ndidapezeka ndili m'chipinda chosungiramo ufa, nditavala tayi, mphuno itagunda thumba la makala. Clarissa akachoka tinkalankhulana kudzera mwa filiji.

"Iwe filiji," ankatero apongozi ali kukhitchini, "uza eni nyumba kuti malaiti yayenda."

"Filiji," ndinkayankha ndili kuseri kwa chitseko, "uwauze amai kuti namvera, zikomo."

Izi mukhoza kuseka, nanenso ndimaseka. Koma pali zina zomwe sindiseka. Kawiri konse Clarissa adaima, kawiri konse pathupi padachoka. Amalume ake, a Matthias, adanena pamaliro ena, mokweza kuti ndimve, kuti magazi athu sagwirizana, ndipo mwana wa mlongo wawo sangakalambire m'nyumba ya matailosi yopanda kulira kwa khanda. Ndidawamva, n'kukhala ngati ndikumanga chingwe cha nsapato.

Lachinayi lina Clarissa adandiuza ali kusita, osandiyang'ana.

"Amai bayenda pa Sondo. Bamalume ndiye banabatuma, ati babwele banitenge."

"Iwe wayankha chani?"

"Nakana. Koma amai bakamba ati mwana sakanira bamalume bake pa foni, nifunika niyende nikakambe nabo pamaso." Adaimika simbi. "Ba Fabian, nalema. Nalema kunkhala pakati. Amai bati bakalibe kuyenda bali na mau na imwe."

Ndidachita mantha, ndinene mosabisa. Ndikudziwa akazi angapo omwe adapita kwawo kukangokambirana chabe, mpaka lero akukambiranabe, ena adakwatiwa kwina. Clarissa ndimamukonda, ndipo ndinkaona kuti watopa zenizeni. Koma m'malo moganiza zoti ndinene, mutu wanga wa m'boma udaganiza zomwe umadziwa bwino: nkhani ikavuta, ichedwetse. Ngati apongozi sandipeza pamalo oti n'kundiuza mawu awowo mpaka Lamlungu, mwina adzanyamuka nawo.

Za kukwera phiri Loweruka adayambitsa ndi Clarissa. Iye ali m'gulu la amayi a kuntchito kwake omwe amavala mathalauzi othina n'kupita kukatuluka thukuta kutchire, pomwe kunyumba asiya wantchito akukolopa. Adati dokotala adanena kuti bondo la amayi likufuna kuyendayenda, komanso n'koyenera kuti mlendo aone malo asanabwerere. Tidanyamuka m'mawa, apongozi atakhala kumbuyo kwanga. Galasi loonera kumbuyo ndinali nditalipotolera kudenga kuyambira tsiku lomwe adafika, ndipo malole a mumsewu waukulu wa kummawa ndinkangowamvera m'makutu.

Tinkapita kupaki ina yomwe ili kupitirira mphambano ya ku Kanakantapa, mukatsata msewu wafumbi. Ndi kaphiri komwe mkulu wina wopuma pantchito adakatchinga ndi waya kuti ootcha makala asakamalize. Mitengo idapulumuka, ndipo tsopano anthu a m'tauni, omwe amagula makala aja, amalipira kuti adzaione. Pageti tidapeza mayi wina wa chipewa chobiriwira, dzina lake Inutu lili pachifuwa. Adatifotokozera kuti njira ndi imodzi, imazungulira phiri lonse, imadzera pamwamba pomwe pali malo oonera patali, n'kutsikiranso pageti pomwepo.

"Si yolimba, si yofewa," adatero. "Ni yapakati chabe."

Apongozi adaona Clarissa akutulutsa kachikwama, ndipo adamugwira mkono.

"Ulipira chani?"

"Kuyenda, amai."

"Kuyenda na mendo yathu?"

"Ee."

"Manje tikayenda tizafika kuti?"

"Pamene pano."

Apongozi adayang'ana geti, n'kuyang'ana phiri. "Nanga si tafika kudala, tili pamene pano?"

Inutu adaseka mpaka kugwira mzati. Ine ndidasekera kumbali, nkhope ili kwa galimoto, poti kuseka nthabwala ya apongozi n'kuvomera kuti waimva.

Pang'ono kuchokera pageti pali mtengo waukulu wa muwanga, ndipo pamenepo njira imagawika pawiri. Clarissa ndi amayi ake adalowera kumanzere. Ine ndidati ndidzera kumanja, kuti ndikaone mbalame. Ndilibe nazo ntchito mbalame, kupatula zokazinga. Clarissa adandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, kenaka adangogwedeza mutu.

"Ba bosi!" Inutu adakuwa kuchokera pageti. "Ni njira imozi iyo!"

Ndidamubayibitsa. Kuti njira imazungulira ndinali nditamva bwinobwino, koma adamva ndi mutu. Miyendo yanga ndi ya ku Chadiza, ndipo imadziwa lamulo limodzi lokha: apongozi akalowera kumanzere, iwe lowera kumanja. Akulu adati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma mwambiwu umakukumbukira nkhwangwa itafika kale.

Poyamba ndidasangalala, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba chifikire apongozi ndinkayenda osatsokomola. Kunali kamphepo ka Juni, masamba ouma akulira pansi pa nsapato, dzuwa likulowa m'timipata ta nthambi. Ndidawoloka kamtsinje podumpha pamiyala, apusi akundiyang'ana kuchokera mumtengo ngati akudziwa kuti ndalipira. Mitengo yomwe ndinkadula nkhuni ndili mwana, mombo, msuku, mpapa, inali itavekedwa timatabwa ta mayina achilendo pachifuwa, ngati akuluakulu pamsonkhano wa kuhotela. Ndidakumana ndi anyamata ndi atsikana amiyendo yabwinobwino, aliyense ali ndi ndodo ziwiri, pomwe agogo anga adafika zaka zambirimbiri ndi ndodo imodzi yokha.

Kenaka njira idayamba kukwera, ndipo ndidadziwa kuti mawu akuti yapakati amatengera kukula kwa mimba ya munthu. Yanga ndi ya pampando wozungulira. Ndidafika pabenchi lina ndili wefuwefu, n'kudziponya. Kuchokera pamenepo minda ya ku Kanakantapa inkaoneka m'munsi, chimanga chitakololedwa, mapesi ali mbuu, apo ndi apo madimba obiriwira a kabichi ndi tomato. Ndidakhala n'kumadziyamikira kuti ndine munthu wochenjera.

Ndili pabenchipo ndidaona kuti dzuwa, lomwe linali kutsogolo kwanga ponyamuka, tsopano lili kukhutu lakumanja. Njira inkakhotera kumanzere, pang'onopang'ono koma mosaleka. Nzeru zidandibwerera monga zimachitira nthawi zonse, mochedwa. Anthu awiri akazungulira phiri limodzi, wina uku wina uko, sathawana ayi, amathamangirana. Ndikanawatsata pambuyo, monga mkamwini wanzeru aliyense, bwenzi ndikuona misana yawo tsiku lonse mwamtendere.

Ndidaganiza zobwerera. Koma kubwerera kunali kukadutsanso pa Inutu ndi kuseka kwake, ndiponso kukafotokozera Clarissa kuti mwamuna wake wagonja panjira yomwe nkhalamba ya bondo limodzi yaimaliza. Ndidadziuza kuti bondolo liwachedwetsa. Ndikafulumira ndikafika pamwamba iwo asanafike, ndikapeza thanthwe lobisalako, iwo akadutsa, ine n'kutsikira mbali yawo. Ndikuganiza choncho padatsika bambo wina wa kabudula, thaulo lili m'khosi.

"Limbikani, mudala," adandiuza. "Kuseli uko kuli bamayo bena ba chitenje, bakwela monga mbuzi. Mwana wabo bamusiya kutali, ankhala pa mwala avula nsapato."

Ndidanyamuka mothamanga, ngati kumeneko kungatchedwe kuthamanga.

Pafupi ndi pamwamba njira imapapatiza kuposa kolido ya kwathu. Kumanzere kuli thanthwe lalitali loti sungakwere, kumanja kuli kotsetsereka kodzaza ndi ziyangoyango. Ndili pakati penipeni pa malo amenewo ndidamva chifuwa. Chifuwa chimenecho ndikanachizindikira pakati pa msika wa ku Chongwe. Kenaka pokhota padatulukira chitenje chachikasu, chokhachokha, popanda Clarissa kumbuyo kwake.

Miyendo sidafunse. Ndidadumphira kumanja, n'kulowa m'ziyangoyango mpaka m'khosi, n'kunjuta nditafulatira njira, manja pamodzi, monga adandiphunzitsira bambo anga. Ndidachita bwino kwambiri, bambo akanakhala moyo akanandinyadira. Nditakweza maso pang'ono ndidaona tizikhokho tofiirira taubweya tikulendewera patsogolo pa mphuno yanga, tina paphewa, tina pamutu. Mwana wa ku Chadiza sauzidwa chitedze. Ndidachizindikira nthawi yomweyo, ndipo kamphepo ka Juni kaja, komwe ndinkakayamikira m'munsi, kadawomba.

Mapazi adafika kumbuyo kwanga n'kuima. Ndidadikira kuti adutse. M'malo mwake ndidamva munthu akukhala pamwala, akuusa moyo, akuwongola mwendo.

"Iwe mtengo," adatero apongozi, poti filiji inali itatsala ku Silverest, "uza bamene bali mu chitedze kuti Clarissa asalira pansi. Nsapato zake za ndalama zamuluma."

"Mtengo," ndidayankha, mawu akutuluka mopyapyala, "uwauze amai kuti zikomo. Bangapite chabe, njira ili mushe."

"Mtengo, uwauze kuti bondo yanga ifuna kupumula."

Amene sadalawe chitedze sangamvetse. Chimayamba ngati nyerere, kenaka ngati tsabola, kenaka umafuna kuvula khungu lonse n'kulipachika pamtengo. Chidayambira m'khosi, n'kutsikira m'malaya, n'kufika kumalo oti sindingawatchule m'nkhani yomwe muli apongozi. Ndipo kudzikanda pamaso pa apongozi n'kosayenera. Ndidaluma mano, misozi ikutsika, ndikusungabe ulemu.

"Mtengo," adayambanso, mosafulumira, "Matthias ananituma kuti nikatenge mwana. Ine ninati iyai, lekani niyambe naona mwamuna wake ni muntu wa bwanji. Nankhala pa nyumba paja mpaka mphepo yafika pakati. Manje mailo pa Sondo nizamuuza chani Matthias? Kuti naona nkhongo? Nkhongo yeve niiziba bwino. Ili na chipsera kumanzere, na imvi zayamba. Ningaisankhe pakati pa nkhongo za mu Lusaka yonse."

Ndinkayesa kudzikanda ndi chigongono mosaonetsera.

"Niziba kuti si muntu oipa. Manzi yosamba nipeza yofunda pa chitseko, sininaonepo wamene ayaika. Mwana wanga akalira mu chipinda nimvera ku chipupa, ndipo namvapo na mau ya mwamuna yalira pamozi naye. Koma muntu wamene uyo, kukacha athabira ku makala. Ulemu ni wabwino, mtengo. Naine ninakulira mwamene umo. Koma ulemu wa aba wafika pa kubisala. Pa malilo paja Matthias anakamba vamene anakamba, beve banamanga nsapato. Mwana wanga aimilira yeka, kuno bamalume, kuno amai bake, kuno chipatala. Manje ngati sibangaimilire pamaso pa nkhalamba ya bondo imozi, bazaimilira bwanji pamaso pa Matthias?"

Mawu amenewo adandiwawa kuposa chitedze, ndipo chitedze chinali chikugwira ntchito yake mokhulupirika. Ndinkaganiza kuti za nsapato zija padalibe amene adaziona.

"Mtengo, uwauze mau yanga yosiliza. Nikanyamuka pa mwala pano bakali kunilangiza nkhongo, mailo Clarissa akwela minibasi na ine. Sinizamukakamiza, azabwela yeka, chifukwa alema. Bondo yanga yatsala pang'ono kupola."

Ndidamva akukonza chitenje. Ndidamva patapata ikukhudza pansi.

Musaganize kuti kutembenuka n'kwapafupi. Bambo anga adakhala moyo wawo wonse osaona mano a apongozi awo, ndipo ankanena zimenezo monyadira, ngati munthu wonena za ng'ombe zake. Khosi langa linali litaphunzira mbali imodzi yokha. Ndidaona ngati ndikuvula pamsika. Koma ndidaonanso kolido ya kwathu ili pululu masiku onse, popanda wogwedeza katani, ine ndikulowa ndi kutuluka momasuka m'nyumba yopanda munthu. Mpaka lero sindidziwa kuti chidanditembenuza kwambiri n'chiyani, chikondi kapena chitedze. Ndidadzuka, n'kukwawira m'njira, n'kuimirira patsogolo pawo.

"Amai," ndidatero, ndipo mtengo sindidautchule, "Clarissa sayenda. Olo mwana abwele, olo asabwele, ni mkazi wanga. Ba Matthias nizabwela nikambe nabo neka, pamaso. Mailo nizakupelekani na motoka."

Ndidayembekeza kuti kumwamba kuchita kanthu. Kudangodutsa ndege yotsikira kubwalo la ndege la ku Lusaka.

Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti munthu yemwe ndidamuthawa zaka zonsezi ndi wamfupi, wongofika paphewa langa. Ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, womwewo wa Clarissa, ndi maso omwewo, kungoti awo adaona zambiri. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ngati munthu wogula mbuzi.

"Ndiye nkhope yake iyi," adatero. "Zaka zonse izi nayembekeza, naipeza yotupa."

Kenaka adawerama, n'kutapa dothi louma m'mbali mwa njira, n'kundigwira dzanja. Adandipaka m'mikono, m'khosi, kumaso, akupukuta mwamphamvu kuti ubweya wa chitedze uchoke, akung'ung'udza kuti mwamuna wamkulu wandevu angalowe bwanji m'chitedze maso ali tong'o. Pankhongo adapakapo kawiri, ati pamenepo ndi pa mnzawo wakale. Ine ndidangoima ngati mwana wosambitsidwa, ndipo misozi yomwe inkatsika sinali ya chitedze yokha.

Atamaliza adamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali matowo, omwe kuno amati makole. Pageti pali chikwangwani chachikulu choletsa kuthyola chilichonse m'pakimo, koma apongozi adati iwo adalipira, ndipo munthu salipira kuti abwerere chimanjamanja. Adang'amba limodzi, n'kundiikira theka m'dzanja, lina n'kuponya m'kamwa mwawo.

"Nkhuku muzadya ku Nkomeshya," adatero akutafuna. "Lelo ni iyi. Tenze kuyembekeza mwana kuti ndiye azatimasule. Mwana akalibe kubadwa, ise tamusenzeka kudala katundu wa bakulu. Ngati Mulungu azamupasa, abwele apeze nchito yasila. Ngati sazamupasa, ine sinifuna kuyenda kumanda niziba nkhongo chabe. Idyani, Fabian."

Dzina langa ndinali ndisanalimvepo m'kamwa mwawo. Kwathu munthu wamkulu amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndipo ine, wopanda mwana, ndinali eni nyumba basi. Ndidadya towo lija. Linali lolimba, lonanda m'mano, ndipo ndidalitafuna nthawi yaitali.

Clarissa adatipeza choncho. Adatulukira pokhota paja ali chosavala kumapazi, nsapato zili m'manja, foni ikulendewera m'khosi. Adaona amayi ake ndi mwamuna wake atakhala mwala umodzi, wina ali mbuu ndi dothi, onse akutafuna. Mkazi yemwe amajambula ngakhale mbale ya saladi sadakhudze foni. Adangokhala pansi m'njira momwemo, n'kubisa nkhope m'maondo, mapewa akugwedezeka. Tidamusiya alire, kenaka amayi ake adamupatsa towo nayenso.

Malo oonera patali anali pafupi, pathanthwe lalikulu lomwe adaikapo chitsulo chogwirira. Amati kumaoneka mtsinje wa Chongwe ukukhotakhota, malata a ku Silverest akunyezimira, ndi mapiri a kumwera. Ndikuti amati chifukwa maso anga anali atatupa, ndipo ndinkangoona zobiriwira pansi ndi zoyera kumwamba. Apongozi adaloza ndi chibwano komwe kuli kwawo, n'kunena kuti utsi ukuonekawo uyenera kuti ndi wa Matthias, poti munthuyo satha kukhala osayatsa kanthu. Ndidakumbukira kuti mawa ndikaima pamaso pa mwini utsiwo. Koma Clarissa anali atandigwira mkono, osasamala za chitedze.

Potsika tidadzera njira imodzi tonse atatu. Mwachizolowezi ndidayamba kutsalira m'mbuyo, koma apongozi adaima.

"Fabian, bwelani kuno. Kuseluka ndiye kubaba bondo."

Adakoloweka dzanja paphewa langa, ndipo tidatsika choncho, iwo akundiuza mayina enieni a mitengo ija ya timatabwa, ine ndikudzikanda momasuka ndi dzanja linalo. Clarissa ankabwera pambuyo, akudumphadumpha paminga, akudandaula kuti nsapatozo akazibweza kusitolo.

Pageti Inutu adationa tikutulukira pamtengo wa muwanga uja. Adayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ana dothi la m'malaya, ndipo ndidaona kuti akulimbana ndi kuseka chifukwa cha ntchito.

"Ba bosi, mbalame mwaziona? Nanga pamwamba paja, mwaona mwamene paonekera bwino?"

Ndidati sindidaone kalikonse, ndalama yanga yapita pachabe. Apongozi sadachotse dzanja paphewa langa.

"Ine naona," adatero. "Tiyeni, mwana wanga, mukanikonzele mpando wa kutsogolo."

Ndisanalize galimoto ndidatambasula dzanja, n'kubweza galasi lija m'malo mwake.